Mapanga awiri, rauta imodzi

Tatulutsani foni yanu muone. Ndikukhulupirira muli masimu awiri, ina ya Airtel ina ya TNM, ndipo imodzi ikayamba ulesi mumangotembenukira ku inzake. Sabata ino, abale anga a m'gulu lino, tiyeni tikambe zomwezo koma za nyumba yonse: kulumikiza malaini awiri a intaneti pa rauta imodzi.

Kuno ku Dedza nkhaniyi si ya matama. Tawuni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000. Netiweki siboola thanthwe. Nyumba ina imakoka bwino, ina kuseri kwa chitunda chomwecho mpaka munthu atuluke akaime pachulu. Malire a Mozambique nawo ali pakhomo, moti nthawi zina foni imakoka netiweki ya tsidya linalo. Kwathu kuli mng'ono wanga amene amaphunzira kudzera pa intaneti, ndipo ntchito ya kusukulu imakhala ndi ola lake lotsekera. Laini ikagwa mphindi khumi zomalizazo, fizi ya temu yonse ili pachiswe. N'chifukwa chake tinaika malaini awiri.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Sananame, koma taganizirani chimene chimamuvumbwitsa munthuyo: ndi kuima pakati mvula ikugwa, akudzifunsa kuti ndithawire kuti. Ntchito ya rauta ndi kuchotsa kuima pakatiko. Rauta wamba ili ndi khomo limodzi lolowera intaneti, lija lolembedwa WAN. Imene tikunenayi ili ndi makomo awiri kapena kuposa, ndipo makampani ngati TP-Link ndi MikroTik amapanga zotere. Mumalowetsa laini iyi uku, inayo uko, a m'nyumba n'kumangoona Wi-Fi imodzi basi.

Tsono pali njira zitatu zoyendetsera malainiwo, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu zimalowera m'madzi.

Yoyamba amaitcha failover. Laini imodzi imagwira ntchito, inayo imangodikira. Pakapita masekondi angapo rauta imagogoda pa kompyuta ina yakutali kuti imve ngati kuli yankho. Kukakhala zii, imasamutsira nyumba yonse ku laini yachiwiri. Ngati munali pa Zoom, chithunzi chimaima pang'ono kenako n'kubwerera. Kwathu timagwiritsa ntchito imeneyi.

Yachiwiri ndi load balancing, kugawana katundu. Malaini onse amagwira ntchito limodzi, wina akuonera YouTube pa laini iyi, wina akutumiza zithunzi pa inayo. Koma musanamizidwe kuti liwiro lawirikiza. Maminibasi awiri akanyamuka pa Dedza kupita ku Lilongwe amanyamula anthu ambiri kuposa imodzi, komabe palibe amene amafika pa theka la nthawi, poti munthu sakwera awiri nthawi imodzi. Tiyerekeze laini iliyonse imapereka 10 Mbps: fayilo imodzi yaikulu idzatsikabe pa 10, osati 20. Palinso kena. Laini iliyonse ili ndi adiresi yakeyake pa intaneti, ndiye mukalowa ku banki kudzera pa iyi, mphindi yotsatira n'kuonekera pa inayo, banki imatha kukukayikirani n'kukutulutsani. Mumayenera kuiuza rauta kuti zoterezo ziziyenda laini imodzi.

Yachitatu, bonding, ndi imene imaphatikizadi liwiro. Imaduladula fayilo m'tizidutswa, tina kudutsa uku tina uko, ndipo kutsidyako pamafunika kompyuta yolumikizanso tizidutswato. Ntchito imeneyo mumalipira mwezi ndi mwezi, mwachitsanzo kwa a Speedify, kawirikawiri m'madola. Komanso laini ina ikakhala yochedwa kwambiri, yothamangayo imangodikira mnzake. Kwa nyumba wamba, ine ndimaona kuti ndi katundu wolemera.

Funso lalikulu, limene wogulitsa rauta sangakufunseni, ndi ili: kodi malaini anu awiriwo sangagwe tsiku limodzi? Mapanga awiri akamadontha pa mng'alu umodzi, ndiye kuti muli ndi phanga limodzi.

Yambani ndi magetsi. Malaini onse amathera mu rauta imodzi, ndipo rautayo ikazima zonse zazima. Mukukumbukira Januwale 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130? Miyezi ija munthu wa malaini awiri wopanda batire ankafanana ndi amene alibe laini n'komwe. Ndiye musanagule laini yachiwiri, gulani kabatire kapena kasola ka rauta. Rauta sidya moto wambiri.

Kenako onani kumene netiweki ikuchokera. Makampani awiri amatha kupachika zida zawo pa nsanja imodzi, ndipo nsanjayo ikavuta onse amagwa pamodzi. Chimodzimodzi kutali. Malawi alibe gombe la nyanja ya mchere, choncho intaneti yathu imadutsa m'mayiko oyandikana nawo kuti ikafike ku nthambo za pansi pa nyanja. Pa 12 Meyi 2024 nthambo za EASSy ndi SEACOM zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inatsimphina m'mayiko angapo a chigawo chino, ife tomwe. Tsiku lotero, kusintha simu sikuthandiza kwenikweni.

Choncho malaini abwino kuwaphatikiza ndi osiyana chibadwa. Chiyambireni Starlink kuno mu 2023, amene matumba awo akulola amaika dishi ngati laini yoyamba, simu ya 4G ngati yodikira. Mvula yamphamvu ikafooketsa dishi, nsanja imakhala ilipo. Nsanja ikazima, kumwamba kulipo. Ngati dishi yakukulirani, sankhani masimu a makampani awiri, ndipo muyendeyende ndi foni kuzungulira nyumba muone ngati akukokera mbali zosiyana.

Samalaninso bandulo. Rauta ikasamukira ku laini yachiwiri siuza munthu. Ana amapitiriza makanema, mafoni akudzikonza okha usiku, m'mawa bandulo ija munasungira tsiku loipa yatha psiti. Ikani malire pa laini yodikirayo, ndipo muzikumbukira tsiku limene bandulo yake ithere.

Ndiye musanatulutse ndalama, dzifunseni kuti intaneti ikasowa ola limodzi mumataya chiyani. Ngati ndi macheza a pa WhatsApp okha, foni yanu ya masimu awiri ija yakwana, eti? Koma ngati ndi mayeso, malipiro kapena kasitomala, ikani laini yachiwiri. Mukatero, sankhani Loweruka lina lopanda chochita, muzule dala nthambo ya laini yoyamba, muwerenge masekondi mpaka yachiwiri idzuke. Musadikire kuti mudzaiyese usiku wotumiza mayeso.