Galu wobwerera samenyedwa

Kwathu kuno ku Messumba, m'mbali mwa nyanja ya Niassa, munthu ukanena kuti ntchito yako ndi kuphunzitsa agalu, ena amafunsa kuti kodi galu amafunikanso sukulu ngati? Koma omwewo ndi amene amandigogodera m'mamawa, chingwe chili m'manja, galu wawo atagwira mbuzi ya mnansi kapena atakwera pathandala n'kumwaza usipa wa eni ake. Mlandu wa galu ukafika kwa amfumu, wolipira ndi mwini galuyo.

Ntchitoyi ndinaiphunzira kwa amalume anga, amene ankasunga agalu anayi olondera munda wa chinangwa kumapiri, cha kunjira ya ku Maniamba. Kumeneko anyani ndi nguluwe zimatha munda usiku ndi usana ngati palibe galu. Agalu a amalume ankathamangitsa anyani mpaka kumalire a munda, koma likhweru likangolira kamodzi onse anayi ankatembenuka. Ndinawafunsa tsiku lina kuti amawadyetsa mankhwala anji. Iwo anangopisa dzanja m'thumba la kabudula n'kundionetsa tiusipa touma tochepa.

Ine ndimayamba ndi kamwana kagalu kakakwana miyezi iwiri, katasiya kuyamwa. Sabata yoyamba palibe chingwe. Ndimangokaitana dzina, kakandiyang'ana ndimakapatsa usipa umodzi pomwepo, osachedwa. Kenako ndimakamanga lamba wofewa m'khosi, wa nsalu kapena wa chikwama chakale, momasuka moti zala ziwiri zilowe pakati pa lamba ndi khosi. Waya ndi ulusi wa ukonde ndimakana. Ndaonapo agalu ambiri kuno amene anawamanga ulusi ali aang'ono, khosi n'kukula, ulusi n'kulowa m'mnofu mpaka chilonda kuchita mphutsi. Lamba akazolowereka ndimalumikiza kachingwe kafupi, galuyo n'kumakakhwekhwereza yekha pabwalo masiku awiri kapena atatu, kuti asamakaone ngati msampha.

Poyenda, galu amakhala kumanzere kwanga, phewa lake pafupi ndi bondo langa. Lamulo ndi limodzi: chingwe chikangokungika, ine ndimaima nji ngati chitsa. Sindikoka, sindikalipa. Galu amalimbana nacho, amalira, amakanda pansi, kenako amacheuka kuti aone chandiimitsa. Akangocheuka chingwe chimakhwepa, ndiye ndimati "tiye" n'kuyambanso kuyenda. Masiku oyamba mtunda wochoka pakhomo kukafika pamtengo wa mango ungatitengere mphindi 10, ndipo apa ndi pamene eni agalu ambiri amagwa ulesi. Amati ali ndi changu, amalola galu kuwakoka, ndipo galuyo amaphunzira kuti kukoka ndiko kumafikitsa kumene akufuna. Phunziro lililonse lisapitirire mphindi 10, m'mawa ndi madzulo. Mu Okutobala ndi Novembala mchenga wa pagombe umatentha moti umawaula mapazi a galu. Ngati ine sindingaponde wopanda nsapato, iyenso sindimuyendetsapo.

Mayeso enieni amakhala pagombe, asodzi akabwerako ndi zilimira ndipo amayi ayanika usipa pamathandala. Fungo limakhala ponseponse, pansi pali tinsomba takugwa, nkhuku zikutola, ana akuthamanga. Sindilowa naye pakati nthawi yomweyo. Timayamba kudutsa chapatali, pamene mphuno yake ikumva fungo koma khutu likadandimvera. Mutu ukangoweramira pansi ndimati "leka", ndipo akadzutsa mutu amalandira usipa wa m'thumba langa. Mawa lake timasendera pang'ono. Pakatha masabata atatu kapena anayi, galu wabwino amadutsa pakati pa mathandala chingwe chili lende, maso ali pa ine. Akafika pamenepo ndimapita naye ku Metangula, akazolowere njinga zamoto, magalimoto ochokera ku Lichinga ndi phokoso la pamsika.

Kumasula ndi nkhani ina. Ndimatenga chingwe chachitali cha mamita 10, chotsala ku ukonde wakale, n'kumusiya galu anunkhize zake. Akatanganidwa ndimaimba likhweru kamodzi. Akabwera ndimamusisita pachifuwa, ndimamupatsa usipa, n'kumulolanso apite. Kumulola kupitako n'kofunika kwambiri, chifukwa galu amene amaitanidwa pokhapokha pofuna kumumanga amadziwa msanga kuti likhweru ndi kutha kwa masewera. Akapanda kubwera sindibwereza likhweru kakhumi. Ndimasonkhanitsa chingwe pang'onopang'ono mpaka afike, n'kumuyamikira ngati wabwera yekha. Chingwe chachitalichi sindichichotsa mpaka galu atamabwerera ngakhale mbuzi ikudutsa kutsogolo kwake.

Izi ndinaziphunzira ndi misozi. Galu wanga woyamba, Tiyese, anali wofiirira, wa khutu limodzi logwa, wothamanga kuposa agalu onse a m'mudzi. Tsiku lina anathamangitsa mwana wa mbuzi anthu akuona. Ndinamuitana mpaka mawu kusasa, ndipo atabwerera, lilime lili panja, mchira akugwedeza, ndinamukwapula ndi bango chifukwa cha manyazi. Ine ndinkaganiza kuti ndikumulanga chifukwa cha mbuzi, koma iye anamva kuti wamenyedwa chifukwa chobwera kwa ine. Kuyambira tsiku limenelo ndikamuitana ankaima chapatali n'kumandiyang'ana. Patapita miyezi ingapo tinali pamathiriro a mtsinje wa Lunho madzulo, iye n'kutsikira m'mabango kukamwa madzi. Ndinaona madzi akuyenda mzere kulunjika kwa iye. Ndinaimba likhweru, ndinakuwa dzina lake. Anacheuka, anandiyang'ana monga mwa masiku onse, osasuntha. Ng'ona inamutenga ine ndikuona. Nditawauza amalume, anangoti, "Mphwanga, amene unamumenya uja anali galu wobwerera."

N'chifukwa chake ndimatsutsana ndi anthu amene amati galu wolondera azikhala paunyolo tsiku lonse, azimanidwa chakudya kapena azidyetsedwa tsabola kuti akhale wolusa. Galu wotero akadula unyolo amaluma aliyense, ngakhale mwana wa pakhomo pomwepo, ndipo palibe likhweru lomwe lingamubweze. Ku munda amafunika galu wodziwa polekezera, chifukwa wotsata anyani mpaka m'matanthwe amabwerako atang'ambidwa mimba, ngati wabwerako n'komwe.

Chinanso chimene sindinyengerera ndi katemera wa chiwewe. Galu wamkulu wosabayidwa sindimulandira, ndipo sindimumasula pagombe. Kamwana kagalu kakakwana miyezi itatu kabayidwe, ndipo a zaziweto akamabwera chaka ndi chaka mupite naye, chingwe chili m'khosi. Galu wozolowera chingwe savuta pamzere. Munthu akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikaonetsa zizindikiro sichichiritsika.

Inu amene muli ndi galu, kuyambira ku Cóbuè mpaka ku Metangula, muziyenda ndi tiusipa m'thumba. Galu wanu akabwera mutamuitana, ngakhale atachedwa, ngakhale atalakwa chotani, ikani ndodo pansi mumulandire.