Ngongole ya zithunzi ku Likoma

Sitima ya Ilala inanyamuka pa Nkhata Bay kutada kale. Ndinapeza malo pambali pa matumba a chimanga a eni ake, chikwama changa nditachikumbatira ngati mwana wodwala. M'chikwamamo munali makamera awiri. Yoyamba ndi Canon 600D, yomwe imandidyetsa. Maukwati, zinkhoswe ndi ziliza za ku Mzuzu ndimajambula ndi iyoyo. Yachiwiri ndi Pentax K1000, kamera ya filimu ya malemu bambo anga, yomwe inagona zaka zambiri m'sutikesi pamodzi ndi jekete lawo la pa Sabata.

Ndinkapita ku Likoma, kwa agogo anga obereka bambo, ndipo kunena zoona ndinkapita ndi manyazi. Zaka zitatu m'mbuyomo ndinawajambula zithunzi zambirimbiri: akusenda chinangwa, akuseka, akupita kutchalitchi. Ndinalonjeza kuti ndiwatumizira. Nditafika ku Mzuzu ndinazikopera pa laputopu, n'kufufuta memori khadi kuti ndikajambulire ukwati wa Loweruka lotsatira. Pasanathe miyezi iwiri laputopu ija inazima osayakanso. Zithunzi zonse zinapita nayo, ndipo sindinalimbe mtima kuwauza.

Ilala ndi nkhalamba yoposa kamera ya bambo ija. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera kuno m'zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira mu 1951. Usiku umenewo nyali za asodzi a usipa zinali ngwee pamadzi, ngati tawuni yoyandama. Ndinatulutsa Canon n'kuyamba kudina mosaumira, kudina n'kuyang'ana pa sikirini, kufufuta, kudinanso. Tikuyandikira ku Chizumulu, batire linayamba kuphethira mofiira. Ndinapisa m'chikwama kufuna chaja. Kalanga ine, inali itatsala pakhoma kunyumba. Chomwe ndinali nacho ndi batire lachiwiri, nalonso losadzaza, ndi filimu imodzi ya Kodak Gold 200 ya zithunzi 36.

Tinafika pa Likoma m'bandakucha. Pa ulendo umenewo sitima inaima patali ndi gombe, ndipo tinatsikira m'maboti aang'ono, anthu, matumba ndi nkhuku zomwe. Kukuyera, ndinaona milambe yaima paliponse, ndipo kutsidya mapiri a Mozambique ali pafupi moti umachita kuona utsi wa m'midzi. Chilumbachi ndi cha Malawi, koma madzi ochizungulira ndi a mbali ya Mozambique.

Agogo ndinawapeza pakhonde akuwotha dzuwa.

"Amuna anga abwera!" anatero akuwomba m'manja. Moni utatha, madzi akumwa atabwera, anandiyang'ana m'maso. "Nanga zithunzi zanga zija?"

"Agogo, kompyuta inawonongeka. Zinathera momwemo."

Anakhala chete pang'ono. "Bambo ako analibe kompyuta. Koma akamuimika munthu pansi pa mtengo, pakatha sabata ziwiri chithunzi chinkafika m'manja mwake."

Ankanena zoona. Bambo anga anali mmodzi wa anthu aja ankayenda panjinga m'midzi, kamera ili pakhosi, makamaka nyengo ya Khirisimasi ndi pamene ana atsekera sukulu. Munthu ankapereka theka la ndalama, iwo n'kulemba dzina lake m'kabuku pambali pa nambala ya chithunzi. Filimu ikadzaza ankapita nayo kutawuni kukatsukitsa, kenako n'kuzunguliranso mudzi ndi mudzi kupereka zithunzi ndi kutolera zotsala. Kabukuko ndili nako mpaka lero. Dzina lililonse analidula mzere, kusonyeza kuti mwini wake analandira. Kwa iwo, kudina kamera kunali kutenga ngongole.

Madzulo ndinaika filimu mu Pentax. Kwa inu amene munabadwa foni zili kale ndi kamera, chinthuchi n'chachitsulo, cholemera, ndipo chilibe sikirini. Makamera amenewa anapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, ndipo amayenda ndi masipuling'i ndi magiya basi. Kabatire kamene kali pansi n'koyendetsa kasingano kopimira kuwala kokha. Kakatha, kamera imajambulabe. Zonse umachita wekha. Umasankha liwiro la shutter, chitseko cham'kati chimene chimatsegukira kuwala, kuyambira sekondi imodzi mpaka 1/1000. Umasankha kukula kwa bowo la lenzi. Umapotokola lenziyo mpaka chimene ukujambula chioneke bwino. Ukadina, umakoka kachitsulo ndi chala chachikulu kuti filimu isunthe.

Lenzi ya bambo ndi ya 50mm f/2, yopanda zoom. Pa Canon ndinazolowera ya 18-55mm, yongoima pamalo amodzi n'kumakoka anthu ali patali, iwo osadziwa n'komwe. Ndi 50mm zimenezo palibe. Ukafuna nkhope ya munthu, uyende ndi miyendo yako mpaka ufike pomwe ali. Ukafika pamenepo sungangoloza kamera ngati mfuti. Umapereka moni, umanena kuti ndiwe mdzukulu wa ndani, umapempha.

M'mawa mwake ndinatsikira kugombe kumene amayi ankayanika usipa pa thandala ndipo anyamata ankasoka chilimira. Ndinakhala nawo pafupifupi ola lathunthu ndisanadine n'kamodzi komwe. Sikuti ndinasanduka munthu wabwino usiku umodzi ayi. Unali umbombo chabe: filimu ndi yodula, ndipo ndinali ndi mipata 36 yokha. Koma m'kudikirako ndinamva zambiri, za mwera umene unawatsekera kumtunda masiku angapo, za mtengo wa mafuta a injini, za nkhungu zimene zimatuluka m'madzi ngati utsi. Podzafika pojambula, nkhope zawo zinali zitamasuka.

Pagombe pali msampha umene umagwira kamera iliyonse, ngakhale ya pafoni. Chopimira kuwala chikaona mchenga woyera ndi madzi onyezimira, chimaganiza kuti kwawala kwambiri n'kuchepetsa kuwala. Zotsatira zake, nyanja imatuluka bwino koma nkhope ya munthu wakuda ngati ine ndi inu imangokhala bii, maso ndi mano okha. Bambo anandionetsa njira yake ndili mwana. Yandikira mpaka nkhope idzaze pagalasi, konza kasingano kakhale pakati, kenako bwerera m'mbuyo ujambule osasinthanso kanthu. Filimu ya negativi imapirira kuwala kochuluka, pamene ya dijito ikapsa poyera ndiye kuti papsa basi. Pafoni n'chimodzimodzi, gwirani pankhope ya munthuyo musanadine.

Nditangojambula, ana anandiunjirira. "Tione! Tione!" Ndinawatembenuzira kamera, iwo n'kupeza chitseko chakuda chopanda kanthu. Wina anati ndawanamiza. Ndinayesa kufotokoza kuti chithunzi chili m'katimo, koma chikaona dzuwa chisanatsukidwe chimafa. Sanakhulupirire. Sindinawaimbe mlandu, chifukwa dziko lawo lonse ndi la kudina n'kuona. Komatu kamera yoyamba ya dijito inapangidwa ndi Steven Sasson mu 1975, ku kampani yomweyo ya Kodak imene inapanga filimu yangayi, ndipo inkatenga masekondi 23 kusunga chithunzi chimodzi pa kaseti. Ndinalemba maina a makolo a anawo kumapeto kwa kabuku ka bambo, pamasamba amene anatsala.

Filimu si mfumu paliponse. Zimenezi ndinaziona Lamulungu, nditaperekeza agogo ku St Peter's, tchalitchi lalikulu la Anglican limene amishoni a UMCA anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela. Ukaliona koyamba umadabwa kuti nyumba yotereyi inapezeka bwanji pa kachilumba kakang'ono chotere. Koma m'kati mwake, ukachoka padzuwa la kunja, kamera imaona mdima. Lenzi ya f/2 imalowetsa kuwala kowirikiza kasanu n'katatu poyerekeza ndi ya Canon ija ikakhala pa f/5.6, komabe filimu yanga inali ya 200, ndipo filimu siisintha pakati pa ulendo. Mapemphero atatha ndinapempha chilolezo, ndinatsamiritsa zigongono pa benchi, ndinagwira mpweya, n'kujambula zinayi pa 1/15. Kenako ndinatulutsa Canon ndi batire lake lotsalalo, ndinakweza ISO kufika pa 3200, ndipo mizati, mawindo ndi amayi a yunifolomu zonse zinatuluka bwinobwino. Pamenepo dijito inapambana, palibenso zokangana.

Agogo ndinawasungira zithunzi zitatu zomaliza. Ndinadikira mpaka cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa litafewa. Anakana kujambulidwa ndi zovala za pakhomo. Analowa m'nyumba, anatuluka atavala chitenje chatsopano ndi duku, n'kukhala pampando pansi pa mlambe, manja pa mawondo, nkhope yosaseka, monga ankajambulitsira anthu akale.

"Agogo, sekani pang'ono."

"Ndiseke chiyani? Jambulani, amuna anga, ndiponso ulendo uno ndisamve za kompyuta."

Ndinadina. Ndikukoka filimu, anayang'anitsitsa kamera ija n'kufunsa ngati inali yomwe ija ya mwana wawo. Nditavomera, anatambasula dzanja kuti aigwire. Anasisita pangodya pomwe chitsulo chinaphwanyika pang'ono, n'kundiuza kuti inagwa panjinga tsiku limene bambo ankathamangira kuchipatala ine nditabadwa. Nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo. Atandibwezera ndinajambula chachiwiri, maso awo ali chonyowa koma akumwetulira. Chachitatu anati ndiwajambule pamodzi ndi mbuzi yawo.

Kudikira kunali kowawa. Filimu imadana ndi kutentha, choncho ndinaikulunga m'pulasitiki n'kuisunga m'firiji mpaka msuweni wanga amene amayenda ulendo wa basi wa ku Johannesburg anaitenga kukatsukitsa. Panadutsa pafupifupi miyezi iwiri. Usiku wina ndinkadzidzimuka n'kumaganiza kuti mwina filimu sinakole bwino m'kati, mwina ndinkangodina mphepo. Agogo ndi munthu wamkulu, ndipo sindinkadziwa ngati ndidzapatsidwe mpata wachitatu.

Envelopu itafika ndinaitsegulira pa depoti pomwepo. Zitatu mwa zinayi za m'tchalitchi zinali zogwedera. Zingapo za kugombe ndinaphonya, bwato likuoneka bwino koma munthu ali mbuu. Cha mbuzi, mbuziyo inatembenuka. Koma chachiwiri chija chinalipo, makwinya onse, duku, ndi maso onyowa aja.

Ndinatsukitsa chachikulu chimodzi ndi zazing'ono za aliyense amene ndinamulemba m'kabuku. Ndinasankhanso zabwino za pa Canon n'kukazisindikiza pa situdiyo ya m'tawuni, chinthu chimene ndikanachita zaka zitatu zija pa mtengo wosaposa wa bandulo ya intaneti ya mwezi. Vuto silinali la kamera. Linali langa, amene ndinkaona ngati ntchito yatha chithunzi chikangooneka pa sikirini.

Akuluakulu amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Ndinakweranso Ilala ndekha, envelopu ili m'kati mwa malaya kuopa madzi. Kugombe amayi aja anapatsirana zithunzi akukuwa, ndipo mwana amene ananditcha wabodza uja anathawa nacho chake kukaonetsa amake. Agogo anachiyang'ana chawo nthawi yaitali, anati ndawakalambitsa, kenako anatuma mwana kukatenga msomali. Chaching'ono anachiika m'buku lawo la mapemphero, momwe muli kale chithunzi cha bambo ali mnyamata.

Inu amene mukuwerenga izi pafoni, taonani m'galare mwanumo. Muli amayi anu, agogo anu, mwina ndi ena amene anatisiya. Ndi zingati mwa izo zimene eni ake anazigwirapo m'manja?

Usiku umenewo, nyali ya sola ikuyaka pakhonde, ndinatsegula kabuku ka bambo n'kuyamba kudula mizere, dzina ndi dzina. Latsala limodzi, la msodzi wina amene anandiuza kuti wapita ku Cobue. Chithunzi chake ndachisiya kwa agogo.