Chimbale Chojambulidwa Tsiku Limodzi

M'chaka cha 1972, pamene ndidali mu Sitandade 7, malume anga adabwerako ku Salisbury, mzinda umene lero ukutchedwa Harare, kumene ankagwira ntchito ya ukhukhi. Mwa katundu yense amene adabwera naye, chimene chidatikopa mtima anafe chidali galamafoni yoyendera mabatire pamodzi ndi mulu wa zimbale. Zambiri zidali za simanjemanje, koma padali chimodzi chachilendo. Pachikuto pake padali anyamata anayi achizungu atasuzumira pansi kuchokera pakhonde la nyumba yosanja, onse akumwetulira. Dzina la gululo lidali The Beatles, ndipo chimbalecho chidali Please Please Me, choyamba mwa zimbale zawo zazikulu.

Madzulo ena malume adandiyitana, nanditambasulira chikutocho.

"Mphwanga, ukuchiona chimbale ichi?" adatero. "Anyamatawa adachijambula tsiku limodzi lokha. Kulowa m'mawa, kutuluka usiku, basi dziko lonse n'kuwadziwa."

"Tsiku limodzi lokha, amalume?" ndidafunsa modabwa.

"Limodzi lomweli. Munthu ukakhala ndi luso, zinthu sizichedwa."

Mbali yoyamba ya mawu a malume idali yoona. Lolemba pa 11 Febuluwale 1963, anyamata anayi a mumzinda wa Liverpool ku England, John Lennon, Paul McCartney, George Harrison ndi Ringo Starr, adalowa m'nyumba yojambuliramo nyimbo ya kampani ya EMI pamsewu wa Abbey Road ku London. Wamkulu pagululo adali ndi zaka 22, wamng'ono 19. Nyimbo zawo zinayi zidali zitatuluka kale pa tizimbale ting'onoting'ono, ndipo wowajambula, George Martin, ankafuna zina 10 kuti zikwane 14. Adayamba 10 koloko m'mawa, namaliza ikuyandikira 11 koloko usiku. Makina a masiku amenewo sadali ngati makompyuta a lero amene amatha kusoka zigamba pamawu a woyimba. Onse anayi ankayimba ndi kuliza zida nthawi imodzi, ndipo mmodzi akaphonya, nyimbo yonse inkayambidwanso.

Idali nyengo yozizira koopsa, ndipo John Lennon adali ndi chimfine. Tsiku lonse ankangomwa mkaka ndi kumung'unya maswiti ofewetsa pakhosi. Nthawi ya nkhomaliro itakwana, ogwira ntchito m'nyumbamo adapita kukadya, koma anyamatawo adatsala akubwereza nyimbo zawo. Nyimbo yotchedwa Twist and Shout, imene imafuna kukuwa ndi mphamvu zonse, adayisiya kumapeto poopa kuti mawu a Lennon angathe ntchito isadathe. Adayiyimba koyamba, ndipo atayesa kachiwiri mawu adakana. Imene timamva pachimbalecho mpaka lero ndi yoyamba ija, ya munthu wosasa mawu amene adapereka zonse zimene zidamutsalira.

Chimbalecho chidatuluka pa 22 Malichi 1963. Masiku amenewo zimbale zazikulu zogulidwa kwambiri ku Britain zinkakhala za nyimbo za m'mafilimu, ndipo oyimba ambiri ankangoyimba nyimbo zowapekera ena. Koma pa nyimbo 14 zija, 8 zidali zopeka Lennon ndi McCartney eni ake. Pofika mwezi wa Meyi, chimbalecho chidakwera pamwamba pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri, ndipo chidakhala pamenepo masabata 30. Chimene chidachitsitsa chidali chimbale chachiwiri cha gulu lomwelo, With the Beatles. Ntchito imene idadya ndalama pafupifupi mapaundi 400 idasintha mayimbidwe a achinyamata m'mayiko ambiri, mpaka mawu ake adafika pakhonde la malume anga.

Tsono mbali yachiwiri ya mawu a malume, yonena kuti waluso sachedwa, ndiyo idandisocheretsa. Ndili Folomu 2 pasukulu ina yogonera pomwepo, aphunzitsi adalengeza kuti Loweruka madzulo kudzakhala mpikisano wa zisangalalo. Lachinayi ndidasonkhanitsa anzanga atatu. Tidabwereka banjo ya chigaloni yokhala ndi nsambo za waya wa buleki ya njinga, babatoni ndi ng'oma ziwiri. Mnzanga wina adadandaula kuti masiku awiri ndi ochepa.

"Iwe, usatiopseze," ndidamuyankha monyada. "Ena adajambula chimbale chathunthu tsiku limodzi. Ife ndi nyimbo imodzi yokha tilephere?"

Zimene zidachitika usiku umenewo sindidzaziyiwala. Wang'oma adathamanga, wababatoni adatsalira, ine mawu a ndime yachiwiri adandithawa. Ndidayima kakasi pamaso pa sukulu yonse, thukuta lili kamukamu, kenaka holo yonse idaphulika ndi phwete. Kwa teremu yathunthu anzanga ankanditcha dzina lachipongwe limene sindingalilembe pano. Chopweteka kwambiri n'chakuti sindidatolepo phunziro loyenera. Ndidangoganiza kuti ndilibe luso, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindidakhudzenso nsambo ya banjo.

Padapita zaka zingapo. Ndili ku koleji ya zauphunzitsi, ndidapeza mulaibulale buku lofotokoza mbiri ya gulu lija, ndipo m'menemo ndidaona zimene malume sadazidziwe. Lennon ndi McCartney adakumana mu 1957, ndipo Harrison adalowa m'gulu lawo mu 1958. Mu Ogasiti 1960 adapita ku Hamburg m'dziko la Germany kukayimba m'malo omwera mowa. Kumeneko ankayimba maola ambiri usiku uliwonse pamaso pa amalinyero ndi zidakwa zimene sizinkachedwa kutukwana woyimba wozizira. Poyamba ankagona m'kachipinda kamdima kuseri kwa nyumba yoonetseramo kanema, pafupi ndi zimbudzi. Harrison adathamangitsidwa m'dzikomo chifukwa adali ndi zaka 17 zokha. Komabe pofika kumapeto kwa 1962 gululo lidali litapitako maulendo asanu. Kwawo ku Liverpool nako, pakati pa 1961 ndi 1963, adayimba pafupifupi ka 300 m'chipinda china chapansi chotchedwa Cavern, nthawi zambiri masana, anthu ali pa nkhomaliro.

Ngakhale kukanidwa adakulawa. Pa 1 Januwale 1962 adakayesedwa ku kampani ya Decca ku London, kumene adayimba nyimbo 15. Kampaniyo idawakana, nisankha gulu lina. Akadakhala ngati ine, akadapachika magitala awo tsiku lomwelo. Iwo adabwerera kukayimba monga kale, pamene wowayang'anira, Brian Epstein, ankagogoda khomo ndi khomo mpaka George Martin adawatsegulira. Woyimba ng'oma, Ringo Starr, adalowa m'gululo mu Ogasiti 1962, nayenso atayimba kale zaka zingapo m'gulu lina. Kachimbale kawo koyamba, Love Me Do, kadangofika pa nambala 17.

Nditatseka bukulo ndidakhala duu kwa kanthawi. Ndidazindikira kuti pa 11 Febuluwale paja anyamatawo sadaphunzire nyimbo iliyonse. George Martin adangowapempha kuti ayimbe zimene ankayimba masiku onse pamaso pa anthu. Tsiku limodzi lija lidali lokolola chabe. Kusosa, kubzala ndi kupalira zidatenga zaka zoposa zisanu. Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Ine ndidangomuona tsokonombweyo atafika, n'kumaganiza kuti adachita kuuluka.

Malume sadandinamize mwadala. Iwo adanena zimene adamva, monga momwe ambirife timachitira. Mbiri ya wopambana imakonda kufika kwa ife itadulidwa miyendo. Timamva za tsiku la mphotho, koma za usiku wa njala ndi manyazi sitimva. Kuipa kwa mbiri yotere kuli pawiri. Choyamba, imapusitsa waulesi kuti adikire tsiku lake lamwayi manja ali m'thumba. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chidandigwera ine, imafooketsa woyamba kumene, amene akagwa kamodzi amadziweruza kuti adabadwa wopanda mphatso. Sindikunena kuti luso kulibe, kapena kuti aliyense wolimbikira adzatchuka ngati anyamata a ku Liverpool aja. M'mabala a ku Hamburg mudayimba magulu ambiri amene lero palibe akuwakumbuka. Chimene ndikunena n'chakuti munthu sangadziwe ngati ali ndi luso kapena ayi atangoyesa masiku awiri.

Pa zaka zonse zimene ndidagwira choko, nkhani imeneyi ndidawafotokozera ophunzira anga chaka ndi chaka, makamaka mayeso akamayandikira. Pepala la mayeso limatenga maola awiri kapena atatu, koma chimene chimalembedwa pamenepo ndi zaka zinayi. Amene amatsegula buku kutatsala sabata imodzi amafanana ndi ine ndi banjo yanga yobwereka. Amene adawerenga tsiku ndi tsiku amatha kulowa m'chipinda cha mayeso ngakhale mutu ukuwawa, monga Lennon ndi chimfine chake, chifukwa zimene adazibwereza kambirimbiri sizithawa msanga. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malume adatisiya kalekale, ndipo galamafoni ija idatha ndi dzimbiri. Gulu lenilenilo lidapasuka mu 1970, ine ndisadalimve n'komwe. Koma chimbale chija ndidachisunga, ngakhale chili ndi mikwingwirima ndipo ndilibe choyimbira. Chaka chatha mdzukulu wanga adachipeza m'bokosi, nandifunsa kuti anyamata akumwetulirawo ndi ayani. Ndidamukhazika pansi n'kumuuza nkhani yonse, koma sindidayambire ku Abbey Road. Ndidayambira ku kachipinda kamdima ka ku Hamburg. Nditamaliza, adathamangira kunyumba kwa mnzake kukabwereka gitala, ndipo ndidamuuza kuti akalakwitsa asaleke. Kunena zoona, mawu amenewo ndinkamuuzanso mnyamata uja wa Folomu 2, amene padalibe womuuza.