Buku la Ngongole la pa Golosale

Pa tchuthi chapitachi ophunzira anayi, ana a m'parishi mwathu amene ali ku sukulu za ukachenjede mu mzinda wa Lilongwe, adatipeza titangotuluka ku Misa ya m'mawa. Aphunzitsi awo adawatuma kuti ajambule kanema wamfupi wosonyeza moyo weniweni wa anthu, osati sewero ayi. Iwo adasankha kagolosale kena ka pa Namitete, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, ndipo adatipempha kuti tiwaperekeze kwa mwini wake, mayi wamasiye amene timapemphera naye ku mphakati.

Tidakhala nawo pansi masiku awiri kukonza za ntchitoyo. Tidamvana kuti choyamba akaonekere kwa a mfumu, pakuti mlendo sayamba kujambula m'mudzi mwa eni asanaodire. Adzajambule m'mamawa, dzuwa likulowa pakhomo, chifukwa m'golosale mumakhala kamdima, ndiponso chigayo chapafupi chimakhala chisanayambe phokoso. Apewe tsiku la msika, kuti asatsekereze ogula ndi kuwaphera mayiwo malonda. Wogula aliyense afunsidwe asanajambulidwe, ndipo ana asaoneke popanda chilolezo cha makolo awo.

Nkhani yoti afotokoze idalipo yambiri. Golosaleyo adaitsegula ndi bambo awo a mayiwo m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Dr. Banda lidalamula amwenye amalonda kuti achoke kumidzi akakhale m'mizinda. Lero anthu odikira odwala ku chipatala cha St. Gabriel's, chimene Masisitere a Chikarmeli a ku Luxembourg adatsegula mu 1959, amagulapo sopo ndi makandulo. Chiyambire November 2023, pamene mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ambiri sagulanso paketi yathunthu ya shuga. Amagula wopima pa supuni, ndi mafuta ophikira a m'timapulasitiki.

Tili pamenepo, mmodzi wa anyamatawo adaona buku lakale pansi pa kauntala. Lidali buku la ngongole. M'menemo mudalembedwa maina a mabanja amene amatenga mchere, ufa ndi machesi m'miyezi ya njala ya January ndi February, nalonjeza kudzabweza akakolola kapena fodya akagulidwa ku Kanengo. Mnyamatayo adakondwa nati, "Amayi, mtima wa kanema wathu ndi umenewu! Titsegulireni tijambule masamba ake." Tiulule poyera kuti ifenso tidagwedeza mutu kuvomereza, poganiza kuti dziko lidzaona chifundo cha mayiwo ndi umphawi wa anthu athu.

Mayiwo adatseka bukulo naikapo dzanja. "Ana anga, nkhope yanga jambulani, mashelefu jambulani. Koma maina awa si anga. Munthu akabwera madzulo kudzanong'ona kuti kwake sikunayake moto, amadziwa kuti nkhaniyo ithera pano." Kenaka adatembenukira kwa ife nati, "Kodi inu Bambo, zimene mumamva anthu akamalapa mungazionetse pa kanema?"

Tidasowa poyankha. Zoonadi, buku la ngongole si Sakramenti. Komabe funsolo lidatilasa. Ife amene tidaphunzira zaka zambiri ku seminale za kusunga chinsinsi tidaiwala msanga, pamene mayi wosafika patali ndi sukulu adakumbukira. Tidaiwala kuti lamulo lachisanu ndi chitatu sililetsa bodza lokha ayi, komanso kuwanditsa popanda chifukwa chokwanira zoona zimene zingachititse mnzathu manyazi.

Eklezia sadana ndi kamera. Pa 4 December 1963 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata chotchedwa Inter Mirifica, chimene chimayamikira kanema ndi wailesi ngati mphatso zodabwitsa, nichivomereza kuti anthu ali ndi ufulu wodziwa zimene zikuchitika. Koma chikalata chomwecho chimaphunzitsa kuti nkhani iperekedwe mwachilungamo ndi mwachikondi, molemekeza ulemu wa munthu, poifunafuna ndi poifalitsa pomwe. Masiku amenewo kamera idali m'manja mwa ochepa. Lero ili m'thumba mwa mwana aliyense amene ali ndi foni, ndipo chithunzi chojambulidwa ku Nsaru kapena ku Kabudula m'mawa chimafika ku Johannesburg dzuwa lisanapendeke. Chikapita sichibwereranso.

Ophunzirawo adasintha ndondomeko yawo. Adagwirizana kuti ajambule bukulo lili chitsekere, dzanja la mwini wake lili pamwamba, iye akufotokoza za ngongole popanda kutchula munthu. Adalonjezanso kuti woyamba kuona kanemayo adzakhala mayiwo, ndipo chimene sadzachifuna chidzachotsedwa aphunzitsi asanachione.

Makolo ndi achinyamata okondedwa, timajambula zambiri masiku ano: pa maliro, pa ngozi za pamsewu, ngakhale popereka thandizo kwa osauka. Tisanakweze foni tidzifunse ngati munthuyo wavomera, ndiponso ngati tikadalola dzina lathu likadakhala m'bukumo. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ambiri a ife tidaleredwa ndi mchere wa ngongole, ndipo padali wina amene adatisungira chinsinsi. Ambuye atipatse nafenso mtima wotero.