Tiyerekeze Kuti Tsikulo Ndi Loweruka

Tatsala ndi miyezi yochepa kuti titsirize maphunziro a akaunti. Lachitatu lililonse tikatha kudya chamadzulo, timakumana anthu asanu m'kalasi ina kuti tikonzekere intaviyu. Mmodzi amakhala pampando wapakati, enafe timasanduka mabwana. Mafunso a m'mabuku sativuta. Amene amatiumitsa pakamwa ndi aja oyamba ndi mawu oti "tiyerekeze kuti".

Tiyerekeze kuti mwawerenga ndalama za muofesi, zaperewera ndi K50,000, ndipo amene anazigwira komaliza ndi mnzanu wodya naye nkhomaliro. Poyamba tinkayankha mwaphuma kuti, "Ndikanena kwa abwana nthawi yomweyo." Koma titayamba kusinthana mipando, tinamva tokha kuti yankho lotere ndi louma. Wofunsa amafuna kuona mmene mutu wako umayendera. Kodi uwerenganso ndalamazo? Ufufuza ngati pali lisiti yomwe sinalembedwe? Umufunsa mnzakoyo usanamutche wakuba? Zonse zikakanika, apo ndiye ukanene, ndipo ulembe zimene wapeza. Tinaphunziranso kuti kukhala chete pang'ono usanayankhe si umbuli, ndipo kufunsa kuti, "Bwana, kodi pakampani pano nkhani zotere zimapita kwa ndani?" sikuchotsetsa malikisi.

Ndiye tsiku lina mnzathu wina, atakhala pampando wa bwana, anafunsa funso lomwe tonse tinkalizemba. "Tiyerekeze kuti ndi kumapeto kwa mwezi, mabuku sanatsekedwe, ndipo tikukufunani muofesi Loweruka. Mubwera?"

Amene anali pakati anayang'ana pansi, kenako anati, "Ndibwera, bwana." Tinamufunsa ngati akunena zoona. Iye anati ayi, koma ntchito ikapezeka zinazo adzaona konko. Sitinamuseke. Mayi ake anagulitsa mtedza zaka zinayi kuti fizi ikwane, ndipo azing'ono ake awiri akuyang'ana kwa iye. Tonse tili ndi anzathu amene anatsiriza kale koma mpaka lero akungoyenda ndi envulopu ya makalata m'tauni. Komabe tinamuuza kuti, "Amwene, bodza limeneli lidzakupezani pa Loweruka loyamba lenilenilo, ndipo tsikulo adzakukayikirani pa zonse, ngakhale pa ndalama."

Wachiwiri atakhala pampandowo anapita mbali ina. Anayamba kufotokoza lamulo lachinayi, kuchokera ku Genesis mpaka ku Chivumbulutso, moti ife mabwana ongoyerekezafe tinatopa. Zimene ananena zinali zoona, koma bwana sanafunse kuti Sabata ndi tsiku liti. Iye akufuna kudziwa ngati ntchito yake idzatha.

Tinakangana mpaka mlonda anabwera kudzatseka chitseko. Wina anakumbutsa kuti gawo 33 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi limateteza ufulu wa chipembedzo, ndipo lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo chake. N'zofunika kuzidziwa zimenezi, koma kuzitulutsa pa intaviyu kuli ngati kufika pachinkhoswe utanyamula samani. Chimene chinatithandiza kwambiri ndi nkhani ya Danieli. Iye sanangokana chakudya cha mfumu n'kupinda manja. Anaona kuti woyang'anira wake akuopa kutaya mutu, ndiye anapereka njira: amuyese masiku 10.

Yankho lomwe tinagwirizana ndi lalifupi. "Bwana, kuyambira dzuwa likalowa Lachisanu mpaka likalowa Loweruka sindigwira ntchito, ndipo ndibwino mudziwiretu lero. Koma masiku a ntchito yathu amadziwika kale. Msonkho wa PAYE umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndiye ndikaona pakalendala kuti tsikulo likugwa Loweruka, ndidzatsiriza Lachinayi. Lamulungu ndingabwere tsiku lonse, ngakhale Loweruka usiku." Tinawonjezapo kanthu kena komwe ambiri timaiwala: mu June dzuwa limalowa 5:30 isanakwane, choncho za kuweruka msanga Lachisanu m'nyengo yozizira tizinene poyera, m'malo modzazemba muofesi mwakachetechete.

Anzathu a ku Malamulo amene akuphunzira unamwino funso lawo ndi losiyana, poti wodwala sadikira kuti dzuwa lilowe. Ife athu ndi mabuku, ndipo mabuku amatha kudikira ngati tawakonzekera.

Sitikudzinamiza kuti yankho limeneli lidzatsegula khomo lililonse. Ena adzalemba kenakake papepala n'kunena kuti atiimbira foni, osaimba. Mnzathu uja wa mtedza amuitana ku Blantyre Lachiwiri likubwerali. Dzulo tinamukhazika pampando katatu. Kawiri mawu ananjenjemera pofika pa Loweruka, kachitatu anayankha akutiyang'ana m'maso. Tasonkherana ndalama ya minibasi, ndipo jekete amubwereka.