Nsomba ya ku Bazaruto

Patapita masiku asanu cikwatirane, mnyamata wina wa ku Chipata ndi mkazi wace anafika ku Vilankulo, pa gombe la Mozambique. Onse awiri anali asanaionepo nyanja yamcere. M'mamawa analowa m'bwato la injini nalunjika ku cisumbu ca Bazaruto, cimene milu yace ya mcenga ioneka patali ngati mapiri oyera. Kuseri kwa cisumbuco nyanja izama msanga, ndipo m'miyezi ya October ndi November mumayenda marlin, nsomba ya mlomo wonga mkondo, imene kulemera kwace nthawi zina kumaposa makilogalamu 400.

Dzuwa lili pamutu, cingwe cinalira. Mnyamata anamangidwa pampando ndi malamba nayamba kukoka. Pakutha maora awiri m'manja mwace munali matuza okhaokha. Koma mafunde anali atamgonjetsa mkazi uja, nagona pansi m'bwato, kusanza kosalekeza, milomo ili mbuu. Sanadandaule konse, pakuti ndalama za tsikulo anazisunga pamodzi caka cathunthu.

Mwini bwato, munthu wodziwa nchito yace koma wouma mtima pang'ono, anati nsombayo yatsala pang'ono kutopa. Mnyamata anayang'ana cingwe, anayang'ananso mkazi wace, napempha mpeni.

Madzulo anakhala pamcenga nadya tinsomba toocha timene anagula kwa asodzi.

"Mukadapirira, amuna anga, mukadaigwira," anatero mkaziyo.

"Ndikadaiphika muti, akazi anga? Kwathu kulibe mphika wotere."