Timizere ta pa Mapu ndi Kanyenyezi ka Chibantu

Chivomezi chisanagwetse nyumba, miyala ya pansi pa nthaka imakhala itapanikizika kwa zaka zambirimbiri. Kukula kwa mphamvu yopanikizayo n'kovuta kuyeza. Chimene akatswiri amapeza kawirikawiri ndi mbali imene mphamvuyo ikukankhira. Akabowola chitsime chakuya kwambiri, khoma lake limagumuka mbali ziwiri zoyang'anana, ndipo mphamvu yaikulu imakhala ikukankha mopingasa mbali zogumukazo. Nawo mafunde a chivomezi amaulula mmene thanthwe linatsetserekera.

Mu 1986 asayansi, motsogozedwa ndi Mary Lou Zoback, anayamba kusonkhanitsa miyeso yotereyi pa mapu otchedwa World Stress Map. Pofika mu 2016 inali itapitirira 42,000. Muyeso uliwonse ndi kamzere kamodzi. Ku Ulaya timizereti tachita kuthithikana, koma mu Africa tangoti apa ndi apo. Chonsecho nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimene chikung'ambika pang'onopang'ono, ndipo tikukumbuka zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu December 2009.

Funso ndi lakuti, nanga pakati pa kamzere ndi kamzere pali chiyani? Munthu angathe kungolumikiza timizereto ngati akuluka mphasa, koma mwala uli ndi malamulo ake. Ukapanikizidwa pang'ono umabwerera m'chimake ngati mphira, ndipo mphamvu zokankha kachidutswa kalikonse ziyenera kulingana, apo ayi kakanasuntha. Choncho akatswiri a masamu amafuna chithunzi chomvera malamulowa, chimenenso chikugwirizana ndi timizere timene tilipo.

Ine, monga wophunzira zilankhulo, ntchito imeneyi ndikuidziwa. Palibe anajambula mawu a Chibantu choyambirira. Tili ndi "munthu" m'Chichewa, "umuntu" m'Chizulu ndi "mtu" m'Chiswahili. Carl Meinhof ndi Malcolm Guthrie sanangosakaniza mawu oterewa kuti apeze apakatikati. Anatsata malamulo a kasinthidwe ka maliwu mpaka anafika pa tsinde lakale, lija timalemba kuti *-ntu. Kanyenyezi kali kutsogoloko ndiko kamandigwira mtima. Kamauza wowerenga kuti liwuli palibe analimva, tangolipeza mwa kulingalira.

Mapu a mphamvu za pansi nawonso amafunika kanyenyezi kotere. Mutachulukitsa mphamvu zonse kawiri, timizere sitingasinthe. Mutawonjezera kupanikiza kofanana mbali zonse, sitingasinthenso. Ndiye kuti timizere patokha timapereka kaonekedwe ka mphamvuzo, koma kukula kwake kumafuna muyeso wina, monga kupopera madzi m'chitsime mpaka thanthwe litang'ambika.

Apa m'pamene kufanana kwa maphunziro awiriwa kumathera. Tsinde la liwu likalakwika, katswiri wina adzalikonza m'buku lotsatira, ndipo palibe avulale. Mapu akalakwika, wokumba mgodi kapena womanga damu angayike miyoyo ya anthu pa chiswe. Mapu opakidwa mitundu yokongola amakopa maso, ndipo munthu amaiwala kuti dera lonselo mwina laimira pa timizere towerengeka. N'chifukwa chake ndikukhumba kuti wojambula mapu otere azisonyeza poyera pamene anayeza ndi pamene anangolingalira, kuti womanga sukulu ku Karonga adziwe pofunika kuwonjezera chitsulo ndi simenti ngakhale mapuwo akuoneka a bata.